Galimoto Yokana Kulira Lachinayi

Chiunika chinameza galimoto ya Zione kachitatu. Chinali chipata chachikulu cha chitsulo choyera, chotalika kuposa nyumba, ndipo galimoto ikangoima pansi pake, akangaude achitsulo makumi asanu ankatsika pa zingwe nthawi imodzi. Ena ankalowa kunsi, ena m'boneti, ena ankanunkhiza mabatire ndi kugwedeza waya aliyense. M'chaka cha 2059 magalaja onse a m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Dedza anali atataya masipanala n'kugula makina amenewa. Ogulitsa ake ankati Chiunika chimaona ngakhale bawuti imene idzamasuke chaka chamawa.

Pasanathe mphindi imodzi akangaude aja anakwera kubwerera kumalo kwawo, ndipo pagalasi la pakhoma panatuluka mawu obiriwira akuti galimoto ilibe vuto.

A Feston Kadammanja, katswiri wa pagalajapo, galimotoyo sanaiyang'ane n'komwe. Anali bambo wachinyamata wa jasi loyera mbee, zikhadabo zosalala ngati za wogulitsa mafuta onunkhira. Girisi ankangomuona pa zithunzi zakale. Ntchito yawo yonse inali kuwerenga zimene galasi lalemba n'kuzibwereza mokweza, ndipo ankaigwira ngati kuti galasilo analibereka ndi iwo. Anauza Zione kuti makina ayang'ana malo zikwi zinayi m'galimotomo, ndipo ngati iye akudziwa malo ena oposera apo, awauze anthu amene anapanga makinawo.

Zione anayankha mofatsa kuti galimotoyo yakana kulira kanayi. Iwo anafunsa ngati yakana lero. Anati ayi.

"Ndiye mukufuna ndikonze chiyani, amayi? Galimoto yanu ili bwino kuposa ambirife. Mwina tsiku lina tidzaunike woyendetsa."

Zione anakonza nsalu imene anaberekera mwana. Kumbuyoko kunali Tayamika, mwana wake woyamba, wa miyezi isanu ndi itatu. Tayamika anabadwa ndi nthenda ya magazi ija imatupitsa manja ndi mapazi a mwana kukangozizira. Kale anthu ankangoipirira, koma tsopano inali ndi mankhwala: majakisoni khumi ndi awiri, mmodzi Lachinayi lililonse, ku chipatala cha ana ku Lilongwe. Makina a kuchipatalako ankaphika mankhwalawo m'mamawa kuchokera ku magazi a mwana mwini wakeyo, moti sakanagwira ntchito mwa mwana wina aliyense. Ikangokwana 12 koloko masana ankatha mphamvu n'kutayidwa. Lamulo la kumeneko linali losapindika. Mwana akaphonya katatu ankamuchotsa, malo ake n'kupatsa wina, ndipo wobwerera kumzere ankadikira zaka ziwiri. Tayamika anali ataphonya kale kawiri.

Magalimoto a masiku amenewo analibe kiyi. Munthu ankakhala pampando, kutsamira, n'kuika chikhatho pa chiwongolero, galimoto n'kudzuka. Sinkachita phokoso poti inali yamagetsi, koma anthu ankanenabe kuti kuliza. Pa tala inkadziyendetsa yokha bola pampandopo pakhale munthu wa chiphaso, koma m'misewu ya fumbi inkafuna manja a munthu. Ya Zione inali yakale, yogwirapo kale ntchito kutsidya kwa nyanja, komabe inkalira tsiku ndi tsiku popita kumsika, kutchalitchi ndi kumunda wa kachewere. Koma kanayi konse, m'mawa, inangoyatsa kanyali kachikasu ndi liwu limodzi lolembedwa lakuti dikirani. Ikatero inkakhala duu maola awiri athunthu, kenako n'kulira ngati palibe chachitika. Kawiri mwa maulendo anayiwo linali Lachinayi. Kuchokera kwawo kuseri kwa mapiri kukafika pa tala inali mphindi makumi anayi ndi zisanu, ndipo kuchokera pa tala kukafika kuchipatala linali ola limodzi. Poti ankayamba kuliza galimoto cha m'ma 8:30, maulendo onse awiri Zione anafika thukuta lili kamukamu, nthawi itapitirira pang'ono, namwino n'kumuonetsa kabotolo kopanda kanthu.

Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali china. Ulendo wachiwiri wa ku galaja a Kadammanja anapempha nambala ya bambo a kunyumba, ati nkhani za galimoto zimamveka bwino pakati pa amuna. Anaimbira Lameki, mwamuna wa Zione, yemwe ankagwira ntchito m'minda ya magetsi a dzuwa ku Chikwawa ndipo ankabwera kamodzi pa mwezi. Madzulo ake Lameki analankhula ndi mkazi wake pa foni mwachikondi chija cholankhulira mwana wodwala. Anati mwina Lachinayi amakhala ndi mantha, dzanja limanjenjemera, galimoto n'kulephera kumumva. Anati aziyamba wapuma kaye mpweya wambiri.

Akumangirira Tayamika pa kampando kake panja pa galaja, Zione anamva tsache likuyandikira. Anali a Jailosi, bambo wa imvi amene ankasesa pamenepo. Galajayo inali ndi loboti losesa, koma matope a ku Dedza analipha pasanathe mwezi, ndiye eni ake anabwerera kwa munthu. A Jailosi ankayendetsa minibasi nthawi ya petulo, ndipo aliyense woima nawo mphindi ziwiri ankadziwa zimenezo.

"Amake mwana, ine si katswiri, ndine wa tsache," anatero. "Koma nthawi yathu galimoto ikamakana mwa apo ndi apo, sitinkaifunsa galimotoyo. Imanama ikaona makaniko. Tinkafunsa mwini wake."

Anamufotokozera za minibasi yawo ina imene inkakana Loweruka lokhalokha. Anasintha batire, anasintha mapulagi, anthu ena mpaka anayamba kutchula mayina a achibale. Patatha miyezi itatu anazindikira kuti Loweruka ndi tsiku limene kondakitala ankaitsuka, ndipo ankathira ndowa yonse pa mawaya. Ndiye anamulangiza kuti agule kope azilemba chilichonse: tsiku, nthawi, kunja kunacha bwanji, galimoto inagona pati, iye anavala chiyani, ananyamula chiyani, ngakhale zooneka zopusa.

Mkatimo a Kadammanja anakweza mawu osatembenuka, kufunsa ngati madala alembedwa ntchito ya uphungu tsopano. A Jailosi anayankha kuti ayi bwana, n'kupitiriza kusesa malo amene anali atasesa kale.

Zione anali munthu wotseka chitseko n'kubwereranso kukaona ngati watsekadi, choncho ntchito ya kope inamuyenera. Analemba mizere ndi rula monga ankachitira pa phunziro la sayansi ali Fomu 4. Anayamba ndi masiku anayi aja, kukumbukira chilichonse chimene akanatha. Batire linali lodzaza masiku onse. Kawiri galimoto inagona pansi pa mtengo, kawiri pambali pa khitchini. Koma masiku onse anayi kunali chisanu chija cha mwezi wa June, chimene chimasiya udzu uli mbuu ngati wawazidwa ufa.

Anaimbira a Kadammanja kuwauza zimenezi. Iwo anaseka mpaka kutsokomola. Anati mabatire amenewo anayesedwa m'maiko amene madzi amauma gwa m'mipope, ndiye kachisanu ka ku Dedza ndi kamphepo ka fani chabe. Zione anadula foni mtima ukuwawa. Unawawa koposa Lolemba lotsatira pamene kunacha chisanu choopsa, iye n'kukhala pampando akuyembekezera kanyali kachikasu, galimoto n'kulira bwinobwino. Munthu wa zikhadabo zosalala uja anali atalondola. Zione analemba m'kope kuti Lolemba, chisanu, yalira, tikupita kumsika ndi alamu, mwana ali m'manja mwa alamu.

Yankho linamupeza Lachitatu masana akusankha kachewere pabwalo. Anali atawerama, Tayamika ali mtulo kumbuyo, ndipo anamva kamtima ka mwanayo kakugunda pamsana pake mothamanga, monga imachitira mitima ya makanda. Wake unkagunda pang'onopang'ono pansi pake. Anasiya mbatata ili m'manja. Anakumbukira munthu amene anamugulitsa galimotoyo akumenya mpando ndi chikhatho, akudzitama kuti mpando umenewu umamva mtima wa woyendetsa, ndipo munthu akafuna kukomoka galimoto siilola kuti anyamuke.

Anathamangira kope. Kukatentha, ankayamba wamangirira mwana pa kampando kake, kenako iye n'kukhala kutsogolo. Koma kukazizira sankayerekeza kuika Tayamika pa kampando kozizira ngati mwala. Ankalowa ali chiberekere, n'kukhala chakutsogolo kwa mpando, mwana atangokhudza chotsamira, kuti alize galimoto itenthe kaye mkati. Mayi aliyense wa kuphiriko akanachita chimodzimodzi. Mpando unkamva mitima iwiri, wina wothamanga wina woyenda, n'kuganiza kuti ndi mtima umodzi umene ukusokonekera. Kudziko kumene anapanga galimotoyo, anthu ophunzira aja anaganizira za woyendetsa woledzera, watulo ndi wodwala, koma palibe ndi mmodzi yemwe anaganizapo za munthu wokhala ndi munthu mnzake kumsana.

Lachinayi m'mawa Zione anafunditsa Tayamika mabulangete awiri, anamumangirira pa kampando kake, n'kukhala yekha kutsogolo. Galimoto inalira nthawi yomweyo. Ulendo uno anali atalawira, inali 6 koloko. Akanatha kungodutsa pa galaja paja n'kukafika kuchipatala zitseko asanatsegule. Koma anali atawerengera bwino m'kope mwake. Akafika pa galaja isanakwane 7, n'kuonetsa a Kadammanja, galimoto idzakana maola ake awiri mpaka 9, ndipo 10 koloko adzakhala ali kuchipatala, maola awiri athunthu atatsala. Ankafuna kuti katswiriyo aone ndi maso ake, asinthe makutu a mpandowo, ndipo aimbirenso Lameki ndi pakamwa pomwe paja.

Anapeza a Kadammanja atangotsika basi yodziyendetsa ya m'mawa, imene inkadutsa pamenepo kupita ku Lilongwe, ina n'kudzabweranso masana. Anali akupukuta fumbi pa nsapato. Ataona galimotoyo anapumira m'mwamba n'kufunsa ngati amayi asamukira pa galaja.

Zione anazimitsa galimoto, anamasula mwana, anamubereka pamaso pawo, n'kumanga nsalu pachifuwa mosafulumira. A Jailosi anasiya kusesa n'kutsamira tsache.

"Muyang'ane bwino, bambo," anatero Zione. "Lero musayang'ane galasi lanu. Muyang'ane kuno."

Anakhala pampando, n'kuika chikhatho pa chiwongolero. Kanyali kachikasu kanayaka. Zione anatembenukira a Kadammanja, mawu onse amene anawakonza m'njira ali pamlomo. Koma kanyali kaja kanaphethira katatu n'kusanduka kofiira psuu, ndipo galimoto imene inali isanalankhulepo chiigulireni inalankhula ndi mawu a mayi aulemu kwambiri.

"Pepani. Aka ndi kachisanu mtima wa woyendetsa uyu kupezeka ukugunda mosalongosoka. Pofuna kuteteza moyo wanu, tadziwitsa Nthambi ya Thanzi la Oyendetsa. Chiphaso chanu chaimitsidwa mpaka makina a mtima akuyezeni. Tikukufunirani kuchira msanga."

Tayamika anadzuka n'kuyamba kusewera ndi khutu la amake.

A Kadammanja anathamangira mkati n'kuyamba kufufuza pa galasi lawo, ndipo kwa nthawi yoyamba anawerenga buku la galimotoyo. Anabwerako akuwerenga mokweza. Nkhani za thanzi la munthu n'zachinsinsi, choncho galimoto siiuza Chiunika, ndipo siizilemba ngati vuto. Machenjezo anayi oyamba inkawatumiza ku foni ya mwini wake, ndipo poti palibe anasintha nambala, onse anapita kwa mwini woyamba kutsidya kwa nyanja. Kwinakwake kunali nkhalamba ina imene inali itauzidwa kanayi kuti mtima wake ukufa. Chenjezo lachisanu lokha ndilo linkapita ku ofesi ya dziko limene galimoto ili.

Atamaliza anakweza mutu, nkhope ili ngwee.

"Mwaona? Galimoto ilibe vuto. Ndinanena kale kuti nkhani ndi woyendetsa."

Zione anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zopukuta zija. Analibe nthawi yodana nawo. Anafunsa ngati angachotse chiletsocho. Iwo anati zimenezo n'za Nthambi. Anafunsa za galimoto za hayala, iwo n'kuti zimafuna kuitanitsa dzulo lake. Basi inali itapita, ndipo yamasana ikanakafika mankhwala atatayidwa kale. Zione anawalozera mpando.

"Chabwino. Yaletsa ine, sinaletse inu. Khalani pampandopo mutiperekeze. Pa tala imayenda yokha, inu mungokhala."

A Kadammanja anayang'ana kumbali. Anakonza kolala ya jasi. Anati iwo ntchito yawo ndi ya ukatswiri, si ya udalaivala, ndipo munthu wokhala m'mbali mwa tala masiku ano safunika zimenezo. Zione anafunsanso kachiwiri, ndipo zinatuluka pang'onopang'ono ngati munga wa m'phazi: katswiri wa magalimoto wa pa galajapo analibe chiphaso. Chibadwire anali asanagwirepo chiwongolero.

A Jailosi anaimika tsache pakhoma. Anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa kachikwama kachikopa kothetheka, ndipo m'menemo munali chiphaso. Anati papita zaka khumi ndi chimodzi asanayendetse kanthu, koma amakachikonzetsabe nthawi yake ikakwana, chifukwa munthu sadziwa. A Kadammanja anawauza kuti akachoka pa ntchito nthawi ino asadzabwerenso. Mkuluyo anatenga tsache lija pakhoma n'kuwapatsa m'manja mwaulemu, ndi manja awiri.

"Ili lilibe buku, bwana. Mbali yaubweyayi ndiyo imayang'ana pansi."

Zione anamangirira mwana n'kukhala kumbuyo pambali pake. A Jailosi anakhala kutsogolo, koma asanaike dzanja anazengereza. Anaulula chapansipansi kuti iwo fodya anasiya mochedwa, ndipo akakwera chitunda mtima umachita ngati ukufuna kutulukira kukhosi. Ngati mpando unakana mtima wa mtsikana, ungalole wa nkhalamba? Zione anatseka maso. Anamva chikhatho chokhakhala chikugwa pa chiwongolero. Galimoto inakhala chete nthawi yaitali kuposa masiku onse, ikumvetsera.

Kanyali kobiriwira kanayaka.

"Mtima wa minibasi uwu," anatero a Jailosi. "Unazolowera apolisi a pamsewu."

Ulendo wonse anadandaula. Galimoto inkayenda yokha pa liwiro lake laulemu, osapitirira ngakhale lole ya kabichi, ndipo iwo anangokhala manja ali pa chiwongolero ngati mwana wojambulitsa chithunzi. Anati nthawi yawo msewu umenewu ankaudya theka la ola, anthu khumi ndi asanu ndi atatu ali m'kati akupemphera. Zione sankamva. Maso ake anali pa wotchi, dzanja lili pa phazi la Tayamika kuona ngati latupa.

Anafika isanakwane 9. Namwino anatulutsa kabotolo kodzaza, ndipo Tayamika analira kulira kwa jakisoni wachisanu, kumene kwa amake kunamveka kokoma kuposa nyimbo.

Mwana atatonthola, Zione anafotokozera namwinoyo za chiphaso. Namwino anaseka, kenako anasiya kuseka. Anatenga kachipangizo kakale ka m'makutu kamene ankasunga m'dirowa, anamvetsera pachifuwa pa Zione, n'kunena kuti mtima umenewu ungakoke ngolo. Koma anati mawu a namwino Nthambi siiwalandira. Imalandira a makina a mtima okha, ndipo makinawo ndi amodzi chigawo chonse. Anayang'ana pa kompyuta. Tsiku loyamba lopezeka linali mu November.

Majakisoni otsala anali asanu ndi awiri, ndipo onse anali a miyezi ya chisanu ndi mphepo. Zione anatuluka panja n'kupeza a Jailosi atakhala pa boneti akudya chinangwa chootcha. Atawauza, mkuluyo anatafuna kaye, kenako n'kufunsa ngati ndi zoona kuti msewu wa kwawo ndi wa fumbi, wa zitunda ndi makona, kumene galimoto imasiya nzeru zake n'kumvera manja. Zione anati ndi zoona, ndipo pali mlatho wina wa mitengo. Nkhope ya a Jailosi inawala ngati ya munthu amene wamva kuti kwawo kwagwa mvula. Anati Lachinayi lililonse 6 koloko adzakhala ali pakhomo, ndipo ntchito ina alibe.

Madzulo uthenga wa ku galaja unafika pa foni, wosainidwa ndi katswiri F. Kadammanja, wonena kuti galimoto yaunikidwa ndipo ilibe vuto. Lameki naye anaimba, atamva kuti chiphaso chaimitsidwa chifukwa cha mtima, ndipo anati iye ankadziwa kuti nkhani ndi mantha. Zione anati adzamuonetsa kope akadzabwera.

Anabereka mwana wake n'kutuluka kukaanula zovala dzuwa lisanalowe. Galimoto inali pansi pa mtengo, yoyera bwino, yopanda vuto lililonse. Kamtima kaja kankagunda pamsana pake mothamanga, wake ukutsatira pansi pake. Mwa onse amene anamuyeza ndi kumuweruza, mpando wa galimoto wokha ndiwo unamva kuti Zione amayenda ndi mitima iwiri, koma nawonso unangoti ndi matenda.